Matochi a pamsika ndi matochi odula: zimene ndaona pa zaka zitatu ndikuwagwiritsa ntchito

Namondwe wa Ana atawononga damu la pa Kapichira mu Januwale 2022, dziko lino linataya mamegawati pafupifupi 130 a mphamvu ya magetsi, ndipo ife a m'tauni tinayamba kuphunzira chimene abale athu a kumudzi anachidziwa kalekale, chakuti tochi ndi chiwiya cha pakhomo chofunika ngati khasu kapena ndowa. Kalembera wa anthu wa 2018 anapeza kuti mabanja opitirira theka m'Malawi amawunikira m'nyumba ndi nyali zoyendera mabatire, pomwe owunikira ndi magetsi anali pafupifupi 11 okha pa mabanja 100 aliwonse. Koloboyi anatha mphamvu pamene matochi otchipa a LED anadzaza m'misika, ndipo limeneli ndi dalitso losayenera kulipeputsa, pakuti mwana wowerenga usiku sapumanso utsi wa palafini ndipo denga la udzu silikhalanso pafupi ndi lawi la moto. Funso limene ndakhala ndikulisinkhasinkha kuyambira nthawi imeneyo ndi lakuti munthu akapereka ndalama zochuluka kuwirikiza ka 10 kapena ka 20 pa tochi ya dzina lotchuka, amakhala atagula chiyani chimene tochi ya pa tebulo la venda ilibe.

Pakhomo panga padutsa matochi a mitundu inayi. Awiri ndinawagula pamsika ndipo onse alibe dzina la wopanga: ina ndi yakuda, ya aluminiyamu, yokhala ndi mutu wokoka umene umachepetsa kapena kukulitsa bwalo la kuwala, ndipo pa bokosi lake panalembedwa kuti imatulutsa kuwala kwa malumeni 100,000, inayo ndi ya pulasitiki, yaikulu koma yopepuka, yokhala ndi mano awiri kumbuyo olowetsa pa soketi potchaja. Yachitatu ndi Wurkkos FC11, imene ndinaitanitsa pa intaneti pa mtengo wosafika madola 30 a ku America pamodzi ndi batire lake. Yachinayi ndi Fenix PD36R, ya mtengo wa madola pafupifupi 100, imene mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Ndatchula mitengo m'madola chifukwa kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero mtengo wa kwacha umene ndinalipira sungathandize wogula wa lero.

Anthu ambiri amaganiza kuti kusiyana kwagona pa dziko limene tochi yachokera, nanena kuti za ku China n'zosalimba. Matochi anayi onsewa ndi a ku China, ndipo Fenix, imene alonda ndi apolisi a m'mayiko ambiri amaidalira, ndi kampani ya mumzinda wa Shenzhen. Ngakhale kababu ka LED kamagwira ntchito m'njira imodzi m'matochi onse: kachipangizo kakang'ono kamatulutsa kuwala kwa buluu, ndipo pamwamba pake amapakapo mankhwala achikasu amene amasandutsa gawo la kuwalako kukhala lachikasu, zonse zikasakanikirana diso limaona kuyera. LED yowala ya buluu imeneyi inatheka chifukwa cha ntchito ya Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, amene analandira mphoto ya Nobel mu 2014, ndipo lero timababu totere timapangidwa tochuluka kwambiri moti mtengo wake ndi gawo laling'ono la mtengo wa tochi. Ndalama za wogula zimapita ku zinthu zina zimene sizioneka tochi ili pa tebulo masana, ndipo zazikulu mwa izo ndi batire ndi kabodi kamene kamayendetsa mphamvu yochoka ku batire kupita ku babu.

Ndiyambe ndi nambala ya pa bokosi, chifukwa ndiyo imakopa ogula ambiri. Lumeni ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala konse kumene nyali imatulutsa. Kandulo imodzi imatulutsa malumeni pafupifupi 12, ndipo babu lakale la mawati 60 limene tinkaika m'chipinda chochezera limatulutsa pafupifupi 800. LED yabwino ya m'tochi imapereka malumeni apakati pa 100 ndi 150 pa wati iliyonse ya mphamvu, kutanthauza kuti tochi yotulutsadi malumeni 100,000 ingafune mawati oyandikira 1,000, ngati simbi yamagetsi yositira zovala. Batire labwino kwambiri la mtundu wa 18650, limene matochi ngati yanga yakuda ija amagwiritsa ntchito, lingathe pasanathe mphindi imodzi litakokedwa mphamvu yotere, ndipo tochiyo ingatenthe moti palibe dzanja limene lingaigwire. Nditawalitsa tochi yanga ya pamsika kudenga la chipinda chamdima, kenako n'kuwalitsa Fenix pa mlingo wake wapakati wa malumeni 350, chipinda chinawala kwambiri ndi Fenix. Nambala ya pa bokosilo sinali kukokomeza chabe koma bodza lenileni, ndipo chimandipweteka n'chakuti venda amene anandigulitsa sankadziwa, iyenso anangowerenga zimene zinalembedwa n'kuzikhulupirira.

Makampani odziwika amatsatira ndondomeko yoyezera matochi yotchedwa ANSI FL1, imene inakhazikitsidwa ku America mu 2009, ndipo nambala zawo zimakhala zoona, komabe nazo zimafuna kuziwerenga ndi maso awiri. Pa ndondomeko imeneyi kuwala kumayezedwa tochi itangoyaka kwa masekondi 30, nthawi imene batire limakhala imawerengedwa mpaka kuwala kutatsika kufika pa gawo limodzi la magawo 10 a kuwala koyamba, ndipo mtunda umene kuwala kumafika umathera pamene kwafooka ngati kuwala kwa mwezi wathunthu. Choncho malumeni 1,600 olembedwa pa PD36R ndiponso 1,300 a pa FC11 ndi a mphindi zoyamba zokha. Chitsulo chikayamba kutentha, tochi imatsitsa yokha kuwala kuti babu ndi batire zisawonongeke. Umu ndi mmene matochi onse aang'ono amphamvu anapangidwira, ndipo wogula ayenera kufunsa za kuwala kumene tochi ingasunge kwa ola limodzi kapena awiri, chifukwa mdima wa magetsi akazima sutha m'mphindi zitatu.

Apa ndi pamene kabodi koyendetsa mphamvu kamaonetsa ntchito yake. M'tochi yotchipa, batire limalumikizidwa ku babu pafupifupi mwachindunji, mwina kudzera pa kachipangizo kamodzi kochepetsa mphamvu, kotero batire likamafooka kuwala nako kumafooka pang'onopang'ono. Diso limazolowera kusinthako osazindikira, mpaka munthu amadzangoona kuti akulephera kuwerenga zilembo za pa botolo la mankhwala. M'tochi yodula kabodiko kamasunga kuwala pa mlingo umodzi kwa nthawi yaitali ngakhale batire likutha, ndipo pambali pa batani pali kanyali kosonyeza mphamvu yotsala. Ndinayika matochi onse pa tebulo madzulo ena magetsi atazima, n'kuwasiya akuyaka pa mlingo wapakati. Pofika nthawi yogona, ya pamsika inali itafiira ngati khala la moto wozilala, FC11 inali itatsikako koma ikuwalabe mokwanira kudyera ndi kuwerengera, pamene Fenix inali monga ndinaiyatsira. FC11 yoyamba ilibe kabodi kosunga kuwala mokhazikika, ndipo opanga ake anatulutsa ina yotchedwa FC11C imene ili nako pa mtengo wosasiyana kwenikweni, choncho wogula lero angachite bwino kufuna imeneyo.

Nkhani ya batire ndiikhalira pang'ono, chifukwa ndi pamene ndalama za anthu osauka zikutayikira kwambiri. Dzina lakuti 18650 likunena za kukula kwake, mamilimita 18 m'mimba mwake ndi mamilimita 65 m'litali, ndipo batire lotere la lithiyamu lopangidwa ndi makampani monga Panasonic, Samsung kapena LG silisunga mphamvu yoposa 3,500 mAh kapena kupitirirapo pang'ono. Limene linabwera m'tochi yanga ya pamsika linalembedwa 9,900 mAh. Batire lenileni limalemera magalamu apakati pa 45 ndi 50, ndipo nditayika langalo pa sikelo yaing'ono ya kukhitchini linalemera pang'ono kuposa theka la pamenepo, kusonyeza kuti m'kati mwake munali mphako. Ena mwa mabatire amenewa ndi akale, ochotsedwa m'malaputopu otha, n'kuwaveka chikopa chatsopano chonyezimira. Munthu akagula tochi yotere, n'kuona kuti ikutha moto pasanathe ola, amadzudzula tochi yonse, chonsecho vuto lalikulu ndi batire. Nditachotsa batire labodzalo n'kuikamo lenileni, tochi yomweyo inayamba kukhala nthawi yotalika kuwirikiza kangapo, ngakhale zofooka zake zina zinatsala.

Ya pulasitiki yokhala ndi mano otchajira ili ndi vuto la mtundu wina. Yanga nditaitsegula ndinapeza kabatire ka mtovu ndi asidi, kofanana ndi batire la galimoto koma kakang'ono. Batire la mtovu silifuna kusiyidwa lopanda moto. Likatha n'kukhala masiku angapo osatchajidwa, m'kati mwake mumapangika zokakamira zimene zimapha mphamvu yake, ndipo silibwereranso mwakale. Tsono taganizirani banja la kumudzi limene limatchajitsa kwa munthu wa sola pa sitolo kamodzi pa sabata, kapena banja la m'tauni limene magetsi amabwera pakati pa usiku anthu ali m'tulo: tochi yotereyi inapangidwira moyo wosiyana ndi wathu. Yanga inatha m'miyezi inayi, ndipo popeza batire lake ndi lowotcherera m'kati komanso silipezeka mosavuta m'masitolo, chinthu chonse chinasanduka chinyalala babu lake likadali lamoyo. Mtovu umenewo ndi poizoni, ndipo ndimada nkhawa ndikaona ana akuphwanya matochi otayidwa kudzala pofuna mawaya ndi timababu topangira magalimoto awo a waya.

Matochi oyendera mabatire ogula pa golosale, aja atatu aang'ono kapena awiri aakulu, ali ndi ubwino umodzi wosatsutsika, wakuti mabatire ake amapezeka pa wokala aliyense ngakhale kutali ndi msewu wa phula. Koma otchipa kwambiri mwa mabatire amenewa amasunga mphamvu yochepa ndipo akakhalitsa m'tochi amatulutsa madzi amene amadya masipuling'i ndi dzimbiri. Batire limodzi lenileni la 18650 limasunga mphamvu yoposa ya mabatire atatu aang'ono kuwirikiza katatu kapena kuposerapo, ndipo limatha kutchajidwa kokwana mazana angapo. Banja limene limagula mabatire sabata iliyonse likawerengera ndalama za chaka chonse lipeza kuti lalipira kale mtengo wa tochi yapakati ngati FC11, kungoti lalipira pang'onopang'ono, ndipo ndikudziwa bwino kuti kwa ambiri kulipira pang'onopang'ono ndiyo njira yokhayo imene thumba limalola.

Lithiyamu naye amafuna ulemu. Batire lotere limatchajidwa kufika pa mavolti 4.2 ndipo siliyenera kukamidwa kutsika pansi pa mavolti 2.5, tochi yabwino imadula yokha pa malire onse awiri, pamene timatchaja totchipa tobwera m'bokosi limodzi ndi tochi ya pamsika sitidalirika pa ntchito imeneyi. Kanga kankatentha kwambiri moti ndinasiya kukagwiritsa ntchito. Batire losavala bwino chikopa chake, kapena loyikidwa m'thumba limodzi ndi makiyi ndi ndalama zachitsulo, likhoza kugundanitsa mbali zake n'kuyaka moto wovuta kuzimitsa. FC11 ndi PD36R zonse zimatchajidwa ndi chingwe cha USB-C, chomwe chija cha mafoni ambiri a masiku ano, kotero zimalandira moto kuchokera ku sola yaing'ono kapena ku pawabanki popanda kutulutsa batire. Fenix imagwiritsa ntchito batire lokulirapo la mtundu wa 21700, la 5,000 mAh, ndipo m'matochi onse awiri batire limachoka pongomasula chivindikiro, kotero likadzakalamba mudzagula batire lokha.

Chimene ndinachedwa kuchizindikira n'chakuti pakhomo kuwala kochepa n'kofunika kuposa kuwala kwambiri. Mayi wodzuka usiku kuyamwitsa khanda, munthu wopita kuchimbudzi cha panja, wofufuza mapilitsi m'kabati ena ali m'tulo, onsewa amafuna kuwala kofatsa kosathobwa m'maso, kumene kungakhale masiku ambiri batire losatha. Tochi ya pamsika ili ndi milingo itatu yotsatizana, kuwala kwambiri, kuwala kocheperako ndi kuthwanima kwa mphezi, ndipo kuti muzimitse kapena kubwerera poyamba muyenera kudutsa pa kuthwanimako, kumene kumadzutsa nyumba yonse. Mlingo wake wocheperawo umapangidwa poyatsa ndi kuzimitsa babu mofulumira, ndipo mukagwedeza dzanja patsogolo pake mumaona zala zikudukaduka. Mwana wanga atawerengera kuwala kumeneko pokonzekera mayeso a MSCE ankadandaula mutu. Pa mfundo iyi FC11 ndiyo yandikhutiritsa koposa onse, chifukwa imatsika kufika pa kuwala kochepa ngati kwa kandulo yakutali, ndipo kumatako kwake kuli maginito amene amaimata pa chitseko chachitsulo kapena pansi pa boneti ya galimoto manja onse n'kukhala omasuka. Mlingo wotsikitsitsa wa PD36R ndi malumeni 30, amene opanga ake amati amakhala maola 115. Ndi kuwala koyenera woyenda panja, chifukwa tochiyo anaipangira ntchito ya panja.

Mtundu wa kuwala nawo ndi nkhani ya moyo m'nyengo ya dzinja. Timababu totchipa timatulutsa kuwala koyera mopita ku buluu, kumene kumaoneka kwamphamvu munthu akayang'ana m'tochi momwemo, koma kumafafaniza mitundu ya zinthu, makamaka zofiirira ndi zodera. Mphiri yogona panjira pakati pa masamba ouma imadalira mtundu wa khungu lake kuti ibisale, ndipo pansi pa kuwala kwa buluu dothi, masamba ndi njoka zonse zimaoneka zotuwa mofanana. FC11 ili ndi babu limene limaonetsa mitundu pafupifupi monga dzuwa limaonetsera, ndipo kusiyana kwake ndinakuona usiku wina linthumbu litalowa m'khola la nkhuku, pamene ndinatha kutsatira mzere wake pa dothi lonyowa mpaka pamene linkatulukira. Amisiri a magetsi osiyanitsa waya wofiira ndi wabulauni, ndiponso aliyense woyang'ana bala kapena maso a mwana wodwala usiku, angapindule ndi kuwala kotere kuposa malumeni owonjezera. M'mvula ndi m'nkhungu, kuwala kwa buluu kumathobwa m'maso wonyamula tochi kuposa kuwala kopita kuchikasu.

Mutu wokoka uja, umene mavenda amauonetsa monyadira powalitsa khoma lakutali, ndiwo chiwalo chofooka kwambiri cha tochi ya pamsika. Mukaukoka kuti kuwala kufike patali, galasi limatalikirana ndi babu ndipo gawo lalikulu la kuwala limatayikira m'kati mwa mutuwo, n'kutsala kabwalo kangodya zinayi kopanda kuwala kulikonse m'mbali, moti mumaona mtengo wa patali koma osaona dzenje limene lili pa mapazi anu. Kukoka ndi kukankha kumeneko kumapopanso mpweya, fumbi ndi chinyontho kulowa m'kati. Yanga inachita nthunzi m'galasi nditangoyenda nayo pa mvula ya mphindi zochepa. Matochi enawo ali ndi timikombero ta labala polumikizira paliponse. FC11 ili pa muyeso wa IPX7, kutanthauza kuti ingamire m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, pamene PD36R ili pa IP68, yotchinga fumbi ndi madzi akuya mamita awiri. Sindinazimize dala m'chitsime, koma zonse ziwiri zanyowa kambirimbiri ndipo sizinasinthe.

Kulimba kwa thupi ndi kumene Fenix imasiyira enawo kutali. Yagwa pa simenti kangapo ndipo utoto wake wolimba wangokalika pang'ono m'mphepete, batani lake la kumatako limadina mofanana lero ndi tsiku loyamba, ndipo chivindikiro chimamangika mosalala popanda kukukuta. Kuwala kwake kumafika pa mamita 283 malinga ndi opanga, ndipo ndikaima pakhonde ndimaona bwinobwino mpanda wa kumapeto kwa munda. Batani la ya pamsika linayamba kufuna kumenyedwa ndi chikhatho kuti iyake chaka chisanathe, ndipo pamene munthu wamva phokoso ku khola la mbuzi pakati pa usiku, tochi yofuna kunyengerera ndi yoopsa kuposa kusakhala nayo, chifukwa amatuluka panja akuidalira.

Ngakhale zili choncho, sindingauze banja wamba kuti ligule tochi ya madola 100. Tochi kwathu kuno si ya munthu mmodzi. Imabwerekedwa pa maliro kuti amayi aphikire ndi amuna awunikire pa siwa, imaperekeza mlendo pa msewu, imatumidwa ndi mwana kwa anansi, ndipo nthawi zina siibwerera. Kukana kubwereketsa tochi pa zovuta n'chinthu chimene munthu wa umunthu sangachite, ndipo kutaya chinthu cha mtengo wa matumba angapo a chimanga ndi bala lalikulu. Chitsimikizo cha zaka zisanu chimene makampani odula amapereka chilinso ndi phindu lochepa kwa munthu amene ayenera kutumiza tochiyo kunja kwa dziko kuti akaikonze. Ndikayerekeza zonse, tochi yapakati imapereka pafupifupi zonse zimene banja limafuna, batire lenileni losinthika, kuwala kochepa kokhalitsa, kusalowa madzi ndi kutchaja kosavuta, pa gawo limodzi la magawo atatu kapena anayi a mtengo wa yodula. Convoy S2+ ndi Sofirn SC31 Pro zili m'gulu lomweli, kungoti Convoy yodziwika kwambiri imafuna tchaja yapadera ya batire. Chovuta n'chakuti matochi apakatiwa sapezeka kawirikawiri m'masitolo athu, ndipo woitanitsa pa intaneti ayenera kuwonjezera mtengo wotumizira, msonkho ndi masabata odikira, komanso kukumbukira kuti onyamula katundu pa ndege ali ndi malamulo okhwima pa mabatire a lithiyamu. Amalonda athu amene amakaoda katundu ku China ndi ku Dar es Salaam akanatithandiza kwambiri akanabweretsako matochi a gulu limeneli m'malo mwa makatoni a malumeni abodza.

Pali anthu amene tochi yodula ndi yowayenera popanda kukayika, ndipo oyamba ndi alonda. Mlonda amayamba ntchito dzuwa likulowa n'kuweruka kutacha, amayenda m'mvula, ndipo moyo wake umadalira kuona munthu wobisala kuseri kwa mpanda iye asanafikiridwe. Ndakhala ndikuona alonda a m'masitolo ndi m'nyumba za anthu opeza bwino atanyamula timatochi ta pulasitiki tofiira ngati ziphaniphani, togula ndi ndalama za m'thumba mwawo, pamene akulondera katundu wa mamiliyoni. Malipiro a mlonda sangafike pa tochi ya madola 100, choncho udindo wogula ndi wa bwana amene wamulemba ntchito, monga mmene amagulira loko wa pa geti. Chimodzimodzi anamwino ndi azamba a m'zipatala zazing'ono za kumidzi, alimi a m'malire a nkhalango za Kasungu ndi Liwonde amene amagona kumunda poopa njovu, ndi oyendetsa magalimoto a mitunda italiitali. Kwa onsewa tochi yozima mosayembekezereka ingadzetse imfa. Kwa azamba ndi amakaniko ndingawonjezere kuti tochi yovala pamutu imaposa yogwira m'manja, chifukwa ntchito yawo imafuna manja onse awiri.

Amene thumba lawo likungofika pa tebulo la venda asataye mtima, chifukwa ngakhale pamenepo pali kusankha. Tochi imene batire lake limachoka ndi yabwino kuposa yomata, ndipo yopanda mutu wokoka imakhalitsa kuposa yokoka. Masulani chivindikiro muone ngati pali kamkombero ka labala ndi sipuling'i yopanda dzimbiri, gwedezani tochiyo ikuyaka muone ngati kuwala kukuphethira, ndipo dinani batani kakhumi venda akuona. Batire la 18650 lolembedwa nambala yoposa 3,600 mAh lisiyeni pomwepo, ndipo lopepuka m'manja likayikireni. Mayina otchuka nawo amaberedwa, kotero tochi yolembedwa dzina la kampani yaikulu koma yogulitsidwa pa mtengo wa mtolo wa nkhuni ndi yachinyengo. Ngati cholinga chachikulu n'kuwunikira chipinda kuti ana awerenge, nyali ya sola ya makampani monga Sun King kapena d.light imagwira ntchitoyo bwino kuposa tochi iliyonse, chifukwa imamwaza kuwala m'chipinda chonse ndipo imadzitchaja yokha padzuwa.

Lero pakhomo panga tochi yakuda ya pamsika ija, yokhala ndi batire lenileni, imapachikidwa pa msomali wa kukhitchini ndipo ndiyo imapita kumaliro ndi kwa anansi. FC11 imagona pafupi ndi pilo wa mayi a kunyumba ndipo imatchajidwa kamodzi pa masabata awiri kapena atatu. Fenix ndinaipereka m'manja mwa bambo amene amalondera nyumba za mumzere wathu usiku, ndipo amaibweza m'mawa kuti ndiitchaje. Ndalama zotsatira zimene ndidzaika pa kuwala zidzagula batire lachiwiri la 21700, kuti bamboyo azikhala ndi lina lodzaza m'thumba la jekete mvula ikadzayamba mu Novembala.